Litsiro Losamva Sopo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anayamba nkhondo ndi khosi langa. Kumbuyo kwake kunali kutada bii, ngati ndadzola makala. Loweruka lililonse ankandikhazika m'bafa n'kundikhula ndi mwala wopalira mapazi mpaka misozi.

"Mwana wamkazi litsiro chonchi? Ukufuna anthu aziti kwa eni golosale kulibe sopo?"

Ife tinachokera ku Ntcheu, ndipo amayi ankagulitsa m'golosale yawo pafupi ndi msika wa pa Boma ku Chitipa. Ana awo awiri oyamba anamwalira ali makanda, ine ndiye ndinatsala ndekha. Ndiye ankandigwira ngati dzira. Kusukulu pa kabaza, pobwerera pa kabaza. Masana onse ndinkakhala kuseri kwa kauntala, mandazi dzanja ili, chakumwa chotsekemera dzanja ilo. Ogula akati, "Koma mwanayu wanenepa bwino!" amayi ankasangalala mpaka kuwaikira basera. Kuseri kwa msika anzanga ankasewera fulaye, phokoso lawo ndikulimva bwinobwino, koma ndikangosuzumira pakhomo amayi ankati, "Ukakathyoka mwendo, ine nditani?"

Sopo atalephera, tinapita kuchipatala kukapempha mankhwala opaka. Namwino wake anali mayi wa konkuno, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka. Anandigwira khosi, n'kufunsa ngati ndimasinza m'kalasi. Ndinavomera. Anandibaya chala kuti ayeze magazi.

"Mama, ili si litsiro yayi," anatero. "Ndi chizindikiro choti thupi la mwana layamba kuvutika ndi shuga. Matendawo sanalowe, koma ali pakhomo."

Anafotokoza modekha kuti minofu ndiyo imadya shuga wa m'magazi. Mwana akamathamanga, minofu imamva njala n'kumukoka shugayo. Akamangokhala, shuga amangozungulira m'magazi, thupi n'kumatopa kulimbana naye. Anati ndichepetse zotsekemera, ndiziyenda wapansi, ndizisewera mpaka thukuta.

Tinauyamba ulendo wobwerera. Pafupi ndi msika ndi pamene amayi anadzifunsa mokweza, "Ndiye kuti ndikumudwalitsa ndine?" Ndinawamvera chisoni.

M'mawa mwake anamubweza wakabaza uja. Masana anandilozera khomo ndi chibwano kuti ndikasewere, nkhope ili gwa.

Abale inu, fulaye si masewera! Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu, Tusekile, anandikokera pakati pa bwalo. Oponya awiri uku ndi uku, mpira wa mapepala ukulira m'makutu, iye akukuwa m'Chitumbuka kuti ndithamange, "Chimbira, iwe! Chimbira!" Ndinathamanga pang'ono chabe, chifuwa chinatentha, miyendo inakana, ndipo ndinagwa chafufumimba pa miyala. Bondo linang'ambika. Onse anaseka, inenso ndinalira ngati khanda.

Ndinabwerera kugolosale ndikutsimphina, magazi akuyenderera mpaka m'sokosi. Mumtima ndinati basi, zathera pomwepa, mawa ndibwerera pampando wanga. Kunena zoona, ndinkafunanso zimenezo. Amayi anatenga madzi a mchere n'kugwada. Anatsuka, anamanga kansalu, kenaka anayang'ana kumbali.

"Mawa upitenso," anatero.

Ndinapita. Mawa lake ndinapitanso. Sabata zoyamba thupi lonse linkaphwanya, koma pang'onopang'ono mpweya unayamba kukwana. Kusinza m'kalasi kunatha, khosi linayamba kuyera lokha, ndipo titabwerera kukayezetsa namwino uja anangoti, "Yewo, mama, mwagwira ntchito." Pofika nyengo ya mphepo yozizira ija ya ku Chitipa, ndinali nditasanduka munthu wovuta kumulasa ndi mpira, moti Tusekile ankakana kuti ndikhale gulu lina.

Lero ndine mayi, ndipo ndikudziwa kuti thupi la mwana silimangidwa ndi chakudya chokha. Limafuna kutopa, kutuluka thukuta, ngakhale kugwa kumene. Zimenezi ndimazinena mosakayika, chifukwa ndinazimva m'thupi langa.

Koma china ndachizindikira posachedwa, mwana wanga atagwa panjinga ine ndikuona pawindo, mtima uli m'malere. Masiku aja ine ndinkangothamanga basi. Ntchito yolemetsa anaigwira ndi amayi: kukhala kuseri kwa kauntala, kumva mwana wawo mmodzi yekhayo akulira kuseri kwa msika, osadzuka kukamutenga.