Ulusi wa Apongozi Anga

Mkazi wanga.
Foni yake ya masana, yofunsa ngati ndadya.
Chichewa chake chokhotakhota, chimene anaphunzira kwa ine ndekha.
Ana awiri amene tinali titawasankhira kale mayina.
Manda oti ndizikasesa, pakuti kwawo maliro amawotcha.

Izi ndi zimene ndinataya m'chaka cha 2007. Apongozi anga sali m'gulu limeneli, koma kunangotsala pang'ono, ndipo ndi za iwo zimene ndikufuna kulemba.

Ku London ndinabwera kudzapitiriza maphunziro. Mkazi wanga ndinamupeza ku Woolwich, m'sitolo ya mankhwala momwe ankagwira ntchito. Anali wa ku Laos. Dzikolo ndinachita kukalifuna pa mapu, ndipo ndinalipeza litapanikizika pakati pa Thailand ndi Vietnam. Mwiniwakeyo anali asanalionepo. Anabadwira mumsasa wa othawa nkhondo ku Thailand, n'kubwera kuno ali kumsana. Mayi ake anamwalira iye ali kusekondale. Anatsala awiri ndi bambo ake m'fulati ya m'mwamba, yoyang'ana mtsinje.

Za kokakhala titakwatirana sitinakangane. Kwawo mwamuna amakakhala kwa mkazi, kwathu ku Dedza n'chimodzimodzi. Ndinanyamula masutikesi anga kupita kwa apongozi. Anzanga a ku Barking sanandisiye.

"Sukulu yonse ija, kudzathera pa chikamwini ku Ulaya?"

"Akupatsa kale munda? Kapena ukulima pa veranda?"

Paukwati wathu m'pamene ndinaona koyamba mwambo wa ulusi. Apongozi ndi anzawo ochepa anatikhazika pansi, pafupi ndi mbale ya maluwa, mpunga ndi mazira owiritsa, n'kumatimanga ulusi woyera m'mikono. Mkazi wanga anandinong'oneza tanthauzo lake. Kwawo amati munthu ali ndi timizimu tambiri m'thupi, ndipo akadwala, akayenda ulendo wautali kapena akachita mantha, tina timasochera. Ndiye abale amatiitana kuti tibwerere, n'kumanga ulusi kuti tisachokenso. Ulusiwo sadula. Umachoka wokha.

Chikamwini ndinachichita mmene ndinaleredwera. Apongozi akalowa pabalaza, ine ndinkapeza chochita kukhitchini. Sindinkawayang'ana m'maso. Iwo ankadya mpunga womata wa m'kadengu, akuumba mbamu ndi zala ngati ife, ndipo ine ndinkadikira kuti amalize. Tikakumana m'kanjira kopita kuzipinda, ndinkapatuka mpaka kutsamira khoma.

"Kodi bambo anakulakwira chiyani?" mkazi wanga anandifunsa tsiku lina.

Ndinamuuza kuti umenewo ndi ulemu. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Ndiye ukadzawalemekeza kwambiri udzasamukira ku Scotland."

Anati awafotokozera. Apongoziwo sanasinthe kanthu, inenso sindinasinthe. Anali munthu wosalankhulalankhula. Anagwira ntchito zaka zambiri kochapira zovala za m'mahotela, ndipo atapuma ankakhala pawindo n'kumasamalira timiphika tawo ta tsabola.

Za nkhondo ndinkazimva pang'onopang'ono kwa mkazi wanga. Anthu a dziko limodzi anagawanika, ena kumbali ya mfumu, ena kumbali ya achikomyunizimu amene ankamenya nkhondo kuchokera m'mapiri. Akunja analowererapo. A ku Vietnam anabwera ndi asilikali kudzathandiza a m'mapiri, a ku America anabwera ndi ndege kudzathandiza a mfumu. Mabomba anagwa zaka ndi zaka pamidzi ya anthu olima mpunga. Bambo ake anali msilikali wa mfumu, mbali imene inagonja. Kupitirira apo iyenso sankadziwa zambiri.

Chimene ndinkadzionera ndekha ndi cha ndege. Tsidya la mtsinje kuli bwalo la ndege, ndipo zimadutsa m'munsi kwambiri pamwamba pa Woolwich. Ikamadutsa, apongozi ankasiya chilichonse. Kapu ya tiyi inkaima m'malere mpaka phokosolo lithe, kenaka n'kumwa ngati palibe chachitika.

Mkazi wanga anadwala khansa ya m'magazi. Za miyezi imeneyo sindinena zambiri. Apongozi ankabwera kuchipatala pa basi, atanyamula kadengu ka mpunga umene wodwalayo sankatha kudya, ndipo mlungu uliwonse ankamumanga ulusi watsopano. Anamwino ena anali a kwathu. Ankawuyang'ana ulusiwo, n'kundiyang'ana ine, koma palibe amene anaugwira ndi sizasi. Ankangousunthira m'mwamba akafuna mtsempha. Ndimawathokoza mpaka lero.

Maliro atatha, tinatsala amuna awiri m'nyumba imene munalibenso wotilumikiza. Ndinkadziwa chotsatira. Kwathu mkazi akamwalira, mkamwini sakhalitsa pakhomo la eni ake. Koma sachoka yekha ngati wakuba. Amadikira akuchikazi amusudzule, amuuze pamaso pa ankhoswe kuti alibe naye mlandu, apite mwamtendere. Ndinalongedza masutikesi, n'kuwaika m'kanjira kaja kuti awaone. Mnzanga wina anandipezera chipinda ku Romford. Ndinadikira.

Apongozi ankawalambalala masutikesiwo m'mawa uliwonse popita kubafa.

Malume anga anaimba foni kuchokera kumudzi kufunsa ngati andisudzula. Nditawauza kuti ayi, anati munthu sangokusunga chonchi popanda chifukwa. Mawu amenewo anandikhala mumtima. Ndinayamba kuganiza kuti apongozi akundiimba mlandu wa imfa ya mwana wawo.

Ndinapita ku Barking kwa ankhoswe anga. Anali mkulu wa mpingo wathu, wogwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ndi iwo anandiimirira paukwati.

"Mphwanga, ngati pali mlandu tikaumve," anatero. "Loweruka ndili ndi shifiti ya m'mawa. Ndikaweruka tidzapita."

Anafika masana atavala jekete ndi tayi pamwamba pa yunifolomu. Apongozi anapanga tiyi. Ine ndinakhala pansi, pafupi ndi chitseko. Ankhoswe anawomba m'manja mwaulemu, n'kufotokoza m'Chingerezi chapang'onopang'ono kuti abwera kudzapempha kuti mnyamata wawo amasulidwe.

Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Akufuna kupita?"

"Nkhani si kufuna, bambo. Ndi mwambo."

"Ndafunsa iyeyo."

Ndinakweza maso. Aka kanali koyamba kuwayang'ana nkhope bwinobwino. Ndinapeza kuti mphumi ya mkazi wanga inali yawo.

"Sindikufuna kukulemetsani, bambo," ndinatero.

"Chikwatirireni wakhala ukundithawa m'nyumba muno. Ndinkati ndi fungo la nsomba zanga za m'botolo."

Ankhoswe anaseka mpaka tiyi kutayikira m'sosala.

"Ayi bambo, ndi ulemu umenewo! Ine apongozi anga ndikawaona panjira ndinkadumphira m'chimanga, kaya muli chitedze."

"Mwana wanga anandiuza," apongozi anatero. "Sindinakhulupirire. Ndinkati akungomuikira kumbuyo mwamuna wake. Nditaona masutikesi ndinati, basi, wapeza mpata."

Ndege inadutsa. Tonse tinadikira nawo. Phokoso litatha anayamba kulankhula, ndipo sindinawamvepo akulankhula nthawi yaitali chonchija, kale kapena pambuyo pake.

Anati anabadwa awiri, iwo ndi mng'ono wawo. Mng'onoyo anapita kumapiri chifukwa achikomyunizimu anamulonjeza sukulu. Iwo anatengedwa ndi asilikali a mfumu ali kumsika. Mayi awo anawamanga ulusi onse awiri, wina pochoka usiku, wina pobwera kudzatsazika atavala yunifolomu, ndipo onse anawauza mawu amodzimodzi, akuti upite ukabwere.

"Ntchito yanga inali kunyamula wailesi pamsana. Wolankhulamo anali wina. Ankauza ndege poti ziponye. Koma wonyamula ndinali ine."

Mayi awo ndi anthu a m'mudzimo anasamukira m'maenje ndi m'mapanga, n'kumalima mdima ukagwa. Pamene apongoziwo anadzadutsako, mudzi kunalibe. Kunali maenje odzaza madzi, ndi timabomba tating'ono ngati malalanje tili mbwee m'minda. Mayi awo sanawapeze. Za mng'ono wawo sanamvenso.

Nkhondo itatha, opambana anaitana asilikali a mfumu kuti akaphunzire maganizo atsopano. Anati ndi za milungu yochepa. Zinakhala zaka, m'nkhalango, akudula mitengo ndi njala. Atatuluka, anawoloka mtsinje wa Mekong ndi mkazi wawo woyembekezera, atakakamira thunthu la nthochi.

"Aliyense amene anatuluka pakhomo panga sanabwerenso," anatero. "Mng'ono wanga, mayi, mkazi, mwana. Lero mwabwera ndi tayi kudzandipempha kuti womalizayu ndimuuze ndi pakamwa panga kuti apite. Mwambo wanu ndi wabwino, koma sindiudziwa. Ndimadziwa wathu."

Anapita kukhitchini. Anabwerako ndi mbale ya mpunga, dzira lowiritsa, ndi kathumba ka pepala. M'kathumbamo anatulutsa mpukutu wa ulusi woyera, wosayamba. Anagwada patsogolo panga, munthu wamkulu ngati uja, n'kunditambasula dzanja. Anauza ankhoswe kuti andigwire pachigongono, chifukwa womangidwa sakhala yekha.

Ankhoswe anandiyandikira, n'kulankhula m'Chichewa chapansipansi.

"Mphwanga, izi si zithumwa izi? Ine ndine mkulu wa mpingo."

"Ndi ulusi wathonje, ankhoswe. Ndinagula ndine."

Anandigwira chigongono. Apongozi anapukutira ulusi pamkono panga ngati akusesa, akulankhula m'chinenero chawo. Kenaka anabwereza m'Chingerezi kuti ndimve. Ankaitana timizimu tanga kuti tichoke kuchipatala, tichoke kowotchera maliro, tichoke pamalo okwerera basi, tibwerere kunyumba kuno kumene kuli mpunga. Anamanga mfundo. Sindinalire pamaliro, koma pamenepo ndinawerama nthawi yaitali.

Atatha ndi ine anatembenukira kwa ankhoswe. Iwo anayang'ana kudenga, n'kupereka mkono.

"Kutchalitchi ndikanena kuti ndi bandeji," anatero.

Madzulo ake ndinabweza masutikesi kuchipinda. Mnzanga wa ku Romford ndinamupepesa. Malume ndinawauza kuti akuchikazi akana kundisudzula ndipo palibe mlandu. Anati zimenezo sanazimvepo, koma ngati mkuluyo ali yekha, ndikhale.

Ndikadali komweko. Timadya m'kadengu kamodzi. M'mwezi wa Novembala, anthu akuno akayamba kuphulitsa makombola awo achisangalalo, timatseka makatani n'kukhala m'kanjira kaja, kumene kulibe windo, aliyense ndi kapu yake. Sitilankhula zambiri. Za nkhondo sanazibwerezenso, ndipo sindifunsa. Amanditchula ndi liwu la kwawo lotanthauza mwana. Ngati ndidzakwatirenso, sindikudziwa. Iwo akuti ndikadzatero, mkaziyo adzamumanga ulusi okha.

Ndinauza ankhoswe zoona kuti ulusi uja ndinagula ndine. Kathumba kaja ndinakazindikira atangokatulutsa. Ndinaugula tsiku lina la mvula, mkazi wanga atadzuka bwino kuposa masiku onse a mlungu umenewo. Anandituma kumsika. Ndinakana, ndinati ndidzapita mawa, koma anaumirira. Ndinakwera basi, n'kuyenda m'matebulo a ogulitsa nsalu mpaka ndinaupeza. Pobwerera ndinamupeza ali m'tulo, ndipo sanadzalankhulenso. Kathumbako ndinakaponya mukabati ya kukhitchini. Kwa miyezi ndinkadandaula nthawi imene ndinathera kumsika kuja, pamene ndikanakhala pambali pake. Tsopano sindidandaulanso. Kaya ankadziwa chimene akuchita, kaya ankangoganiza za mlungu wotsatira, sindingathe kunena. Pondituma paja anandigwira pamkono, n'kuyesa Chichewa chake chija.

"Ulusi wa bambo watha. Pita ukawagulire wina."