Ming'oma Pakhonde, Chinkhoswe Pabwalo

Ming'oma ya njuchi inafika pakhomo panga pa ngolo, kuchokera kwa kalipentala wa ku Naisi, ikununkhirabe matabwa atsopano. Anzanga a m'gulu anati isungidwe kwa ine chifukwa khonde langa lakuseri ndi lalikulu, komanso ndine wapampando. Upampandowo sindinaupemphe. Anangoona kuti pakamwa panga sipatopa.

Gulu lathu linali la amayi okhaokha a kuno ku Domasi, m'munsi mwa phiri la Malosa. Tinali titatopa kuona phiri likumetedwa mpala ndi ootcha makala. Ndili mtsikana, agwape ankatsika mpaka m'mphepete mwa minda, koma pa nthawiyo ngakhale mapazi awo sankaonekanso. Anatsala anyani okha, nawonso atasamukira m'chimanga mwathu. Ndiye tinakhala pansi ndi alangizi a zankhalango, bambo ofatsa oyenda pa njinga yamoto, n'kupanga dongosolo: tipachike ming'oma m'nkhalango yotetezedwa, tiziyang'anira mitengo ndi nyama, ifeyo tizifula uchi. Wankhwangwa sayandikira mtengo wa njuchi.

Ku boma ku Zomba anavomera msanga. Kunangotsala kuti akuluakulu a kulikulu, ku Lilongwe, avomereze. Alangizi anati n'za masiku owerengeka, moti tsiku lomwelo anatiphunzitsa kupaka phula m'ming'oma kuti fungo lake liziitana njuchi. Tinapaka yonse tikuimba, n'kuisanja pakhonde.

Chimanga chinauma, tinakolola. Chiperoni chinabwera n'kupita. Ndikakumana ndi alangizi pamsewu, yankho linali limodzimodzi: “Zili m'manja mwa akuluakulu, amayi.” Ndinkawafunsa kuti kodi manjawo ndi aakulu bwanji, oti chinthu chikalowamo sichitulukanso. Iwo ankangoseka n'kuliza njinga yawo.

Koma njuchi palibe anaziuza kuti zidikire. Kutayamba kutentha, masana ena ndikupeta mpunga, ndinamva mkokomo pamwamba pa mtengo wa mango. Kuyang'ana, chigulu chakuda bii, chikutsika molunjika khonde langa. Mwezi usanathe ming'oma ingapo inali ndi eni ake, ndipo kuseri kwa nyumba yanga ndinkadutsako mwaulemu ngati mlendo.

Vuto linali ili: mwana wanga womaliza, mtsikana, anali atapeza mnyamata wa ku Liwonde, ndipo chinkhoswe chinali choti chichitikire pabwalo langa lomwelo. Ganizani inuyo, migolo ya thobwa, masipika akulira, anthu akuvina, kuseri kuli njuchi. Ndinkachita kuona m'maso asewele anga, amayi a mnyamatayo, akuthamangira kumsewu duku lili m'manja.

Abambo akunyumba anati, “Amayi, tingoyatsa udzu, nkhani ithe.”

Ndinati, “Yatsani, koma muyambire ine. Ming'omayi si yanga ndekha, ndipo njuchizi sizinakulakwireni.”

Ndinadikirabe, poganiza kuti kulikulu adzidzimuka. Sabata ya chinkhoswe itakwana ndinakwera minibasi mpaka ku ofesi ya alangizi, mtima uli m'mwamba.

“Mawa ndikukapachika ming'oma m'nkhalango. Mundimange basi.”

“Musatero, amayi,” anatero alangizi. “Mukalowa popanda chilolezo, dongosolo lanu lifera pomwepo, ndipo inenso ntchito indithera.” Anakanda m'mutu pang'ono, kenako anafunsa kuti munda wothera pa msewu wotchinga moto, umene uli malire a nkhalango, ndi wa ndani. Unali wa malemu amayi anga, wokhala ndi mitengo ya masuku. Iwo anati, “Kunja kwa malire ndi kwanu. Kumene njuchi zizikauluka si nkhani ya ofesi.”

Tinasamutsira ming'oma kumundako Lachisanu kachisisira, njuchi zitalowa, chinkhoswe chili m'mawa mwake. Tinatseka timakomo ta ming'oma ndi nsanza n'kumanyamula umodziumodzi pa njinga yakapalasa, abambo akukankha, ine nditagwirira mbali. Mtsikana ndinamuuza kuti akhale kunyumba. Anandiyankha kuti, “Amayi, chinkhoswechi n'changa,” n'kugwira mbali inayo. Liuma limeneli sindikudziwa analitengera kwa ndani.

Ulendo womaliza, powoloka kamtsinje, njinga inagunda mwala ndipo nsanza inagwa. Abambo, omwewo ofuna kuyatsa moto, analiyatsa liwiro loti sindinalionepo chikwatirane nawo. Nanenso ndinabwerera m'mbuyo, chitenje chili kumutu. Mwana yekha anatsala atakumbatira mng'oma kuti usagwere m'madzi, n'kubwezerapo nsanza ndi dzanja limodzi. Njuchi ina inamuluma pachikope, ina pamlomo.

Za chilolezo ndinene pompano, ndingaiwale: chinadzabwera mvula itagwa kale, uchi woyamba titanyambita. Tinachilandira ndi manja awiri, ndipo lero ming'oma ili m'kati mwa nkhalango.

M'mawa wa chinkhoswe diso la mwana linali litatsekeka, mlomo utatupa ngati mandasi a pa Malosa. Anadzitsekera kuchipinda akulira.

“Sindituluka, amayi. Apongozi aziti chiyani? Aziti pakhomo pano timamenyana.”

Mtima unandiwawa zedi. Mwana analidikira tsikuli, anasoketsa zovala, anakonzetsa tsitsi, lero nkhope yatere chifukwa cha ming'oma ya amake. Ndinatukwana chamumtima aliyense wokhala pa mpando wandalema ku Lilongwe. Koma alendo anali atafika kale, ndipo thobwa linali likuyenda popanda njuchi ndi imodzi yomwe.

Anamunyengerera ndi azakhali ake. Pachinkhoswe pajatu atsikana amatuluka angapo, atafunditsidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuti mnyamata aloze wake. Azakhaliwo anati, “Tiye, m'chitenje palibe akuone. Zinazo tikaonera komweko.”

Anatuluka pamzere, nthungululu zili pakamwa pa amayi. Mnyamata sanazungulire n'komwe. Anangoyang'ana kayendedwe n'kukaima pamaso pake. Ankhoswe atavundukula chitenje, nkhope yotupa ija inaonekera poyera. Wina kumbuyo anatsokomola pofuna kubisa phwete. Mwana wanga anazyolika.

Asewele anga, amayi aatali osasekaseka amene ndinkawaopa chiwaonereni, anadzuka pampando n'kupita pomwepo. Anamugwira chibwano n'kumuweramutsa.

“Wakutere ndani, mwananga?”

“Njuchi, amayi. Timasamutsa ming'oma kuti alendo musalumidwe. Wina ukanagwera m'madzi.”

“Ndiye sunautaye?”

“Ayi.”

“Enawo anali kuti?”

Diso la mwana limodzi lotsalalo linapita kwa abambo ake. Abambo anayamba kusuzumira m'kapu yawo ya thobwa ngati mwagwera kanthu. Anthu anafa nalo phwete, ngakhale ankhoswe anachita kugwira m'mimba.

Asewele sanaseke. Anatembenukira kwa mwana wawo nati, “Wamva iwe? Uyu zikavuta sathawa. Ukadzamutaya, kwathu usadzabwere.” Atatero anavula chitenje chawo chapamwamba, chatsopano, n'kumumanga nacho mwana wanga m'chiuno, ndipo amene anayambitsanso nthungululu anali iwo.

Mwana anaseka ndi mlomo wotupawo, misozi ikutsika mbali imodzi. Ine ndinalowa m'khitchini ngati ndikukaona ndiwo, n'kulira bwinobwino ndi chimwemwe.