A Lumo ndi Chimbale cha Mwana Wawo

Anthu a mumsewu uja ankangowatchula kuti a Lumo. Anali ometa tsitsi. Kashopu kawo kanali kopanikizika pakati pa wogulitsa nyama ndi wokonza mafoni: mpando umodzi wozungulira, benchi la odikira, galasi long'aluka pakona, ndi wayilesi yokhala pashelefu pamodzi ndi mabotolo a sipiriti. Anayamba kumeta ali mnyamata, makina amagetsi asanafale, ndipo dzanja lawo linali lopepuka moti ana amene ankalira kwa ometa ena, kwa iwo ankawodzera. Sanali munthu wolongolola. Ankati wometa ntchito yake ndi khutu, pakamwa ndi pa wometedwa.

Iwo ndi akazi awo anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Anamuphunzitsa movutikira mpaka anapeza ntchito pasitolo ya mankhwala, ndipo a Lumo ankauza aliyense wokhala pampando kuti mwana wawo ndi dokotala pang'ono. Koma mtsikanayo mtima unali kwina. Iye ndi anzake atatu anali ndi bandi yotchedwa Malata Odontha. Ankayimba nyimbo zimene achinyamata amati roko, za magitala olira ngati macheka podula chitsulo, ndipo roko yawoyo inali yawoyawo, yosavinika, yosatsata za pawayilesi. Tsiku limene anasiya ntchito kuti akajambule chimbale choyamba, mayi ake analira. A Lumo anangoti, "Wakula, mwanangu. Ukudziwa wekha."

Chimbale chinatuluka, anthu n'kuchilandira ndi miyala. Wayilesi ina inaulutsa nyimbo imodzi ndi kupempha omvera kuti ayimbe foni. A Lumo anamva zonse ali chiimire, makina ali m'manja.

"Malatawo akudonthadi, apeze mmisiri," anatero womvera woyamba.

"Kodi mtsikanayo akuyimba, kapena wapsa ndi madzi otentha?" anafunsa wachiwiri, woulutsa mawu n'kufa nalo phwete.

Kenako wina anatenga mawu a mtsikanayo n'kuwaika pa kavidiyo ka mbuzi yokana kukwera galimoto. Kavidiyoko kanalowa m'foni iliyonse. Woyimba ng'oma anathawa bandi, akuti chibwenzi chake chikuchita manyazi. Ena awiriwo anasiya kuyankha mafoni.

Mtsikanayo anawerenga ndemanga zonse, imodziimodzi, ngati munthu wotokosa bala lake lomwe. Atamaliza anadzitsekera kuchipinda. Chakudya chinkabwerera mmene chapitira. Atamukakamiza kupita kuchipatala, dokotala anawaitanira makolowo pambali n'kuwauza kuti thupi lilibe vuto, akudwala ndi maganizo. "Musamusiye yekha. Ndipo mankhwala onse a m'nyumba muwabise."

Tsiku lomwelo a Lumo anachotsa m'nyumba lumo lawo lakale, mipeni yakukhitchini, ngakhale chingwe choyanikira zovala. Akazi awo anawayang'ana akuchita zimenezi, n'kukhala pansi.

"Bambo ake, mwana akutithera m'manja. Tichita chiyani?"

A Lumo sanaphunzire kwambiri, koma anaganiza motere: ngati mawu a anthu ndi amene amugwetsa, mawu a anthu ndi amene angamudzutse. Panafunika munthu mmodzi yekha, wosakhala wachibale, woti anene ndi mtima wonse kuti chimbalecho wachikonda. Ndipo anthu iwo anali nawo, obwera okha, okhala pampando atamangidwa nsalu m'khosi, osatha kuthawa. Anapempha wokonza mafoni kuti awaikire nyimbozo pa kamemole, n'kukabaya pawayilesi.

Woyamba kumva anali dalaivala wa basi. "Achimwene, akulira chonchiwa ndi makina anu kapena wayilesi?"

Mphunzitsi wina wopuma ntchito anamvetsera ndithu, mutu uli pendeke. "Mawu abwino alimo," anatero. "Koma zikukhala ngati munthu akukuuza chinsinsi muli m'chigayo."

Mkulu wa kwaya anapukusa mutu n'kunena kuti mwanayo azimupempherera. Wogulitsa nyama anasuzumira pakhomo kudzathokoza, akuti chiyambireni nyimbozi ntchentche zasamuka.

A Lumo sankaseka. Munthu amene kale sankafunsa kanthu uja tsopano ankazimitsa makina mutu uli wometa mbali imodzi, n'kumuyang'ana munthu m'galasi. "Tanenani chilungamo. Palibe ngakhale imodzi imene yakukhudzani?" Ena ankanama kuti amalize kumetedwa, ndipo bodzalo linkaonekera pankhope. Ena ankakwiya. Pang'ono ndi pang'ono benchi linayamba kuchita fumbi, makasitomala a zaka zambiri n'kumadutsa tsidya lina la msewu, maso ali kumbali.

Ataona kuti munthu uja sakupezeka, anaganiza zomupanga okha. Anafika kunyumba, naima pachitseko cha mwana wawo.

"Mwanangu, lero kunabwera bambo wina wa suti. Wati chimbale chako n'chapamwamba, anthu sakuchimvetsa chabe."

Kenako mawu ofooka anatuluka. "Wakonda nyimbo iti?"

"Zonse."

"Bambo, inu kunama simutha. Nanga inuyo mwakonda iti?"

A Lumo sankadziwa ngakhale imodzi. Chimbalecho chinkalira m'makutu mwawo kuyambira m'mawa mpaka kutseka shopu, koma sanali kuchimva. Ankangoyang'ana nkhope za anthu. Anamva bedi likulira, mwana akutembenukira kukhoma, ndipo anadziwa kuti awonjezera mchere pabala.

Panali mayi wina wochapa zovala kuhotela amene ankabweretsa mwamuna wake kudzametedwa ndevu. Bamboyo anafa ziwalo mbali imodzi, sankalankhula, ankayenda pa njinga ya olumala. Mayiyo anali wosaseka, wa manja otumbululuka ndi sopo. Tsiku limenelo anakhala pabenchi, maso ali pansi, a Lumo akupaka thovu kumaso kwa mwamuna wake. A Lumo sanamufunse kanthu mayiyo. Mphamvu zofunsira zinali zitawathera.

"Tabwezani iyo yathayo," anatero mayiyo.

A Lumo anayesa kuti sanamve bwino. Anabweza. Inali nyimbo imene inkayamba mwakachetechete, gitala limodzi ndi mawu a munthu wonena kuti watopa koma asamufunse. Kumapeto kwake magitala onse ankagwera pamodzi, mtsikanayo n'kukuwa mfuwu wautali wopanda mawu.

"Mwaikonda, mayi?" anafunsa a Lumo.

"Zinazo ndi phokoso, ndisakunamizeni. Ng'oma zikuthamanga ngati wakuba. Koma iyiyi..." Anayang'ana mwamuna wake, n'kutsitsa mawu. "Ine ndikawasambitsa awa, ndikawadyetsa, ndimalowa kubafa, n'kuluma thaulo, n'kukuwa chomwechi. Sindinkadziwa kuti munthu angachite zimenezi poyera."

A Lumo anaibwezanso, ndipo ulendo uno sanayang'ane nkhope ya munthu. Mfuwu uja utafika, anauzindikira. Uyu anali mwana wawo, ndipo anali atakuwa chonchi kalekale, anthu asanayambe n'komwe kumuseka.

"Woyimbayo ndi mwana wanga," anatero. "Sakudya. Chonde, tiyeni mukamuuze zimene mwandiuzazi."

"Ine? Ndikulowa ntchito masana ano. Komanso awa ndiwasiya ndi ndani? Ine za nyimbo sindidziwa, bambo."

A Lumo anagwada pansi, pa tsitsi la anthu, bambo wamkulu wa imvi. "Njingayi ndikankha ndine. Kuntchito kwanu ndikapepesa ndine. Ndilibe wina, mayi. Ndafunsa msewu wonse."

Anatseka shopu dzuwa lili pamutu. Anthu anaona a Lumo akukankha njinga ya olumala pamsewu wa mabampu, thukuta lili kamukamu, wodwala ali ndi thovu kukhutu, mayi uja akutsatira akung'ung'udza kuti amuchotsa ntchito.

Pachitseko paja mayiyo sanakometsere kanthu. Ananena za thaulo, za kubafa, za zaka zimene wakhala akusamalira munthu wosatha kunena zikomo. Ananenanso kuti nyimbo zinazo sangazimvere kawiri, ndipo ng'oma zikuthamanga. Mayi ake a mtsikanayo anamukodola kuti zimenezo asanene, koma zinali zitatuluka kale.

Kenako mawu anamveka mkatimo, okwiya. "Ng'omazo sizikuthamanga. Tinachitira dala."

"Dala kapena ayi, mwana iwe, zikuthamanga."

Kiyi analira. Mtsikanayo anatulukira, wowonda, tsitsi lili nyankhalala, maso ofiira, kudzaona munthu amene akumutsutsayo. Anakangana za ng'oma ali chiimire mpaka mayi ake anabweretsa tiyi, ndipo mkangano uli mkati, anatenga buledi n'kuluma osazindikira. A Lumo anatulukira panja kuti anthu asawaone nkhope.

Sikuti anachira tsiku lomwelo. Anavomera kumapita kuchipatala kukalankhula ndi aphungu, ndipo masiku ena amathandiza mayi ake kuphika. Masiku ena chitseko chimatsekedwanso, nyumba yonse n'kumayenda monyang'ama. Bandi sinakumanenso. Makasitomala ena anabwerera, ambiri anazolowera wometa watsopano kumapeto kwa msewu. Mayi wochapa zovala uja anakalipiridwa kuntchito koma sanachotsedwe, ndipo mwamuna wake a Lumo amakamumetera kunyumba.

A Lumo anamufunsapo mwana wawo kamodzi ngati adzayimbenso. Anayankha kuti sakudziwa, ndipo iwo sanafunsenso. M'mawa uliwonse, asanapite kushopu, amaima pachitseko chake nsapato zili m'manja, kudikira kuti amve chifuwa kapena bedi likulira. Akamva, amavala nsapato n'kumapita.