Ndinapala memori ya kompyuta ndi tupa

Inu owerenga, ine si munthu wa mawu ambiri. Ndinawononga chinthu ndi manja angawa, ndipo lero ndimakhala ndekha. Imvani kuti zisakuchitikireni.

Ndine fitala pa fakitale ya tiyi ku Thyolo kuno. Sukulu ndinalekeza kupulayimale. Kufakitale sitidikira sipeya. Nyengo ya dzinja masamba amabwera ochuluka, ndipo makina akaima tiyi amawonongeka. Chitsulo chikakana kulowa timachimanga pa vaisi, kuchipala ndi tupa mpaka chilowe. Nzeru imeneyi ndi imene yandidyetsa moyo wonse.

Mkazi wanga atamwalira ndinatsala ndi mwana mmodzi, Felesiya. Atamaliza Fomu 4 anangokhala pakhomo. Nthawi imeneyo makompyuta anali atangolowa kumene m'maofesi a esiteti, ndipo kunamveka kuti akufuna kalaliki wodziwa kompyuta, ofuna ntchito akayesedwa. Azakhali ake a ku Limbe ankamuitana kuti akaphunzire kumeneko. Ine ndinadziwa kuti akapita sabwerera. Ndinamuuza kuti kompyuta ndimupangira konkuno, aphunzire pakhomo, ntchito aigwire pafupi nane. Anaseka. “Ababa, kompyuta si chigayo.”

Anandithandiza ndi a Mhango, aphunzitsi a pasukulu ya mishoni, opemphera la Sabata. Anandipatsa bokosi lakale ndi mazabodi, thabwa la m'kati lomwe zonse zimalumikizidwapo. Zina tinatolera apa ndi apo n'kumanga limodzi. Chinatsala chimodzi, memori, kathabwa kopyapyala ngati chipeso kamene kamalowa m'ngalande yake pa mazabodi. Anandiuza kuti ndikagule ya mtundu wa DDR. Ine zilembo sindinazisamale. Ndinangoyeza ngalandeyo ndi tepi, monga fitala.

Loweruka m'mawa ndinapita ku Limbe. Wogulitsa anandifunsa ngati ndikufuna DDR kapena DDR2. Ndinayeza zonse ziwiri. Kutalika kunali kumodzi. Ndinati yokhala ndi 2 ndiye yatsopano, mwana wanga apeze yabwino. Ndinagula.

Nditabwerako ndinakumana ndi a Mhango akubwerera kutchalitchi masana. Ndinawaonetsa kapaketi. Sanakalandire n'komwe. “Lero ndi Sabata, bambo. Dzuwa likalowa ndibwera. Musaikhudze.”

Sindinadikire. Felesiya anali atapita kumsika kwa Goliati, ndipo ndinkafuna kuti pobwera apeze kompyuta ikuyaka. Ndinaika memori m'ngalande. Inakana. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti m'munsi mwake muli kampata, ndipo m'ngalande muli kadzino koyenera kulowa m'kampatako. Zinaphonyana pang'ono chabe, ngati kamtengo ka machesi. Ndinati awa ndi masewera. Ndinatenga tupa, ndinakuza kampatako, ndinakanikiza. Inalowa.

Ndinayatsa. Fani inazungulira. Kenako ndinamva fungo ngati la lamba akamapsa pa makina, ndi kautsi kakutuluka m'bokosi. Ndinathimitsa, koma zinali zitatha.

A Mhango anabwera dzuwa litalowa monga ananenera. Anaunika m'bokosimo ndi tochi. Kenako anandifotokozera kuti kampatako sikanalakwike. Amakaika dala pamalo osiyana kuti memori ya mtundu wina isalowe, chifukwa mphamvu ya magetsi ndi kayalidwe ka timano take n'zosiyana. Ine ndinali nditapala mlonda. Memori inapsa, mazabodi inapsanso, ndipo iwo analibe ina.

Felesiya sanandinene. Bola akanandikalipira. Anangotenga kansanza n'kupukuta fumbi lobiriwira lomwe linatsala patebulo pamene ndinapalira. Kokayesedwa anapita osadziwa ndi pogwira pomwe. Ntchito anapatsa wina. Posakhalitsa ndinamuperekeza pamsewu ndi chikwama chake, anakwera minibasi ya ku Limbe. Kompyuta anakaphunzira kumeneko, ntchito anaipeza komweko, banjanso komweko. Amabwera pa Khirisimasi, chaka china sabwera.

Tsopano ndikaweruka ndimatsegula chitseko ndekha. Chiperoni chikatsika m'minda ya tiyi nyumba imazizira, palibe wofunsa ngati ndadya. Bokosi lija lili m'chipinda chake. Ndinalifunditsa chitenje cha mayi ake. Kulitaya ndimalephera.

Inu owerenga, ngati mukumanga kompyuta, musagule memori ndi maso kapena ndi tepi. Werengani zilembo za pa mazabodi, mudziwe mtundu umene imalandira. Ngati simungathe, nyamulani mazabodiyo mupite nayo kusitolo. Yatsopano si ndiye yoyenera. Pofika poika, onani kuti kampata ndi kadzino zayang'anizana. Ikakana, ilekeni. Ikukuuzani kuti si yake. Ndipo amene akudziwa akati dikirani, dikirani.

Pamene ndinkatenga tupa tsiku lija, mthunzi wa mabulugamu unali utafika kale pakhonde. Dzuwa linali pafupi kulowa.