Buledi wa Tegan

Narelle Schultz amakhala pakati pa tirigu. Kumaso kwa nyumba tirigu, kuseri tirigu, chifukwa mwamuna wake Graeme ndi mlimi wa tirigu m'chigawo cha Wimmera monga analiri bambo ake. Amati wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima, koma Narelle amaopa ndithu, ndipo sabisa. Kanyenyeswa ka buledi kakangomulowa m'kamwa amagona masiku atatu, m'mimba mukupota.

Anavutika zaka khumi osadziwa chikumudya. Magazi ankangochepa, anapita padera kawiri, anaonda mpaka mphete inkavuka yokha. Kenako dokotala wina anamuunika m'matumbo n'kupeza kuti tirigu anawapala mkati, moti chakudya chinkangodutsa. Matendawa amawatcha siliyaki. Amayenda m'magazi a banja, ndipo mankhwala ake ndi amodzi basi, kusiya tirigu moyo wonse.

"Ndiye unakwatiwa ndi poizoni, Narelle," anatero Graeme. "Bwenzi utangolola mlimi wa nkhosa ankakufunsira uja."

Narelle sanaseke. Anataya ufa, sefa ndi zipande zonse zamtengo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tegan, atadandaula m'mimba ali ndi zaka zisanu, mayiyo sanachedwe. Anamuletsa tirigu tsiku lomwelo, osapita n'kuchipatala komwe.

Kwa zaka zinayi Tegan ankapita kumaphwando a anzake atanyamula kabokosi kakekake. Anzake akudya buledi wa batala wowaza timasiwiti, iye akukukuta mabisiketi a mpunga. Tsiku lina pobwera kuphwando anaponya kabokosiko pansi.

"Amayi, wodwala ndine kapena ndinu?"

Funsolo linawafikitsa kwa dokotala.

"Apa munafulumira, mayi," anatero dokotalayo. "Matendawa saoneka mwa munthu amene sakudya tirigu. Muzim'patsa zidutswa ziwiri za buledi tsiku lililonse kwa milungu isanu ndi umodzi, kenako tidzamuyeze. Mukadukiza, tiyambiranso."

Narelle anabwerera kunyumba akulingalira. Mwanayo akapezeka bwinobwino, ndiye kuti anam'mana chakudya zaka zinayi pachabe. Akapezeka nawo matendawo, ndiye kuti mayi wake yemwe adzakhala atamudyetsa poizoni ndi manja ake. Sankadziwa choti apempherere.

Buledi sanalowe m'khitchini. Narelle ankamudulira pakhonde ndi mpeni wakewake, akatero n'kusamba m'manja kawiri. Tegan ndiye anali ngati ali paukwati, ankanyambita ndi zala zomwe.

"Taonani Adadi, ndikudya munda wanu!"

"Idya pang'onopang'ono iwe, undisiyireko wogulitsa," ankatero Graeme.

M'mawa uliwonse Narelle ankamuyang'ana mwanayo m'maso ndi kumufunsa za m'mimba, mpaka Tegan anatopa nazo. Mlungu woyamba unatha bwino, wachiwiri ndi wachitatu chimodzimodzi. Narelle anayamba kudziimba mlandu, komanso kupumako pang'ono.

Loweruka la mlungu wachinayi, akupita kukayanika zovala, anamva kubuula kuseri kwa thanki ya madzi. Tegan anali atanyonyomala, nkhope itayera, dzanja limodzi litagwira pamimba. M'dzanja linalo munali buledi wolumidwa, ndipo anali akutafunabe. Kupindika kumeneko Narelle anakudziwa msanga, n'kwake komwe.

"Zayamba liti?"

"Kalekale." Mwanayo anabisa buledi uja kumbuyo. "Amayi, chonde musakawauze adokotala. Sizikupweteka kwambiri."

Narelle anakhala pansi pafumbipo n'kumufungatira, nyenyeswa zikumugwera pamalaya, osazisansa. Analira ndi mantha, pakuti yankho anali atalidziwa. Masana anaimbira dokotala, ndipo dokotalayo anati ngati mwanayo angapirire apitirize, poti akasiya pano ululu wonsewo upita pachabe.

Kunatsala masiku khumi ndi anayi. M'mawa mwake Narelle anatuluka pakhonde, anadula zidutswa ziwiri n'kupaka batala wambiri mpaka m'mbalimbali, momwe Tegan amakondera.