Mayi Woyesa Miyala

M'dzinja la 2019, m'nyumba yoyandikana nafe munalowa mayi woyesa kulimba kwa miyala. Kuntchito ankaiphwanya ndi makina, kenako n'kukhala pakhonde kulowetsa manambala mukompyuta.

Amuna anga, amene anakalambira kumgodi, ine amangondiyankha kuti "ee". Koma pa 3 Juni 2021 anakhala ndi mayiyo maola awiri, chala chili pa nambala ina yotsika.

"Mwala uwu munauyesa uli wonyowa, mayi."

"Zoonadi! Bambo inu mukuposa kompyuta."

Anabwerako mano onse ali pamtunda. Ndawayamikira zaka makumi anayi, koma mano amenewo sindinawaonepo.

Mayiyo anasamuka pa 9 Ogasiti 2022. Tsiku limeneli amuna anga amalikumbuka, la ukwati wathu ayi.