Ndinachuna Gitala ya Apongozi

Chaka chathachi ndinataya mkazi wanga. Ndinataya mawu amene ankaimba kuseri kwa nyumba pochapa Loweruka m'mawa. Ndinataya munthu wokangana naye za oimba gitala. Ndinatayanso njira yopita kwa apongozi anga ku Nkomeshya, ngakhale msewu wake ulipobe ndipo maminibasi akuyendabe.

Za magitala tinayamba kukangana tisanakwatirane, tikuphunzira uphunzitsi ku Chalimbana. Ine ndinali ndi anthu anga atatu. Woyamba anali woimba rumba wa ku Kongo, amene nyimbo ikafika povina zala zake zinkatsikira kumunsi kwa gitala n'kumatola mawu mwachangu osaphonya ndi amodzi omwe. Wachiwiri anali wa kumigodi, wa nthawi ya makolo athu, ndipo gitala yake inkalira mokalipa ngati chigayo chagwira mwala. Wachitatu anali wa nyimbo zovina zotchedwa kalindula. Ameneyu ndinkamukonda chifukwa ankatha kubwereza kachigawo kamodzi mpaka munthu n'kuiwala kuti waima pamzere wa basi. Ine mwini ndimadziwa makodi, magwiridwe a mawaya, asanu ndi limodzi basi, koma kulankhula ndinkalankhula ngati mwini bandi.

Ndikamuikira foni kukhutu kuti amvetsere, mkazi wanga ankati, "Ba ticha, imwe mumvela chabe zala. Nanga bantu bakayamba kuimba, uyo wanu azabayembekeza?"

"Wako ni ndani kansi?"

"Atate."

"Atate ba makodi yatatu?"

"Yatatu yakwana. Imwe muli na sikisi, ndani anavinapo?"

Apongozi anga, atate ake a mkazi wanga, ndi mlimi wa chimanga ndi mtedza. Lamlungu amaimbira gitala kwaya ya amayi pa tchalitchi cha kumudzi kwawo. Gitalayo ndi yakale, yosuluka pamene pamagona mkono. Waya wake umodzi ndi wa mabuleki a njinga, ndipo kathabwa kamene kamagwira mawaya pamimba pa gitala kanamatidwapo kawiri ndi kalipentala. Kachunidwe kawo ndi aka. Mtsogoleri wa kwaya, mayi wachikulire wodwala mphumu, amang'ung'udza pang'ono, iwo n'kumakunga kapena kumasula mawaya mpaka gitala ifanane ndi mawu a mayiwo tsiku limenelo. Akadzuka chifuwa chitatsekeka, gitala imatsika nawo. Amayi akatopa pakati pa nyimbo n'kuyamba kuchedwa, apongozi amachedwa nawo, ndipo womvetsera sadziwa kuti pachitika kanthu. Mkazi wanga ankati kuimba gitala n'kumeneko. Ine ndinkati n'kusadziwa kuchuna.

Titamaliza zipinda ziwiri pa poloti yathu ku Silverest, tinaitana anthu kudzapempherera nyumba. Kwaya ya kumudzi inabwera pa lole yaing'ono, apongozi atakhala kutsogolo ndi gitala. Kunabweranso aphunzitsi anzanga a ku Lusaka, amene ankadziwa kuti ndimakonda nyimbo, ndipo ndinali nditawauza zambiri zokhudza khutu langa.

Masana anthu akudya panja, ndinalowa m'nyumba kukatenga mipando. Gitala inali itatsamira khoma. Ndinaikhudza waya umodzi, ndipo ndinamva kuti ndi yotsika kwambiri. Ndinaganiza za anzanga aja. Pa foni yanga pali pulogalamu yochunira gitala, imene imaonetsa kuwala kobiriwira waya ukafika pamalo pake. Ndinakhala pansi n'kukunga mawaya onse asanu ndi umodzi mpaka uliwonse utaonetsa kubiriwira. Gitala inkalira khekhe m'manja mwanga, koma sindinaleke. Sindinadziwe kuti apongozi anali ataichuna kale kumudzi m'mawa, mayi aja atang'ung'udza asanakwere lole. Kunena zoona, ndikanadziwa ndikanachitabe.

Nditatukula maso, mkazi wanga anali pakhomo ndi mbale m'manja. Anatembenuka n'kutuluka.

Kwaya inaima pabwalo. Apongozi anakhala pampando, n'kukhwatcha mawaya kamodzi. Ndinaona dzanja lawo litaima pang'ono, koma mayi otsogolera anali atatenga kale mawu kuchokera ku gitala n'kuyamba nyimbo. Anayambira pamwamba pamene sakanafika. Pa mzere wachiwiri mawu awo anasweka, n'kuyamba kutsokomola. Amayi ena anayesa kupitiriza, ena anatsika, nyimbo inagawanika pawiri. Mmodzi wa anzanga anaseka atatseka pakamwa ndi foni. Apongozi anatambasula dzanja kuti amasule mawaya, koma kathabwa komatidwa kaja kanazuka, mawaya onse n'kulendewera.

Apongozi anayang'ana gitala nthawi yaitali. Sanayang'ane munthu aliyense. Kenaka, ponamizira dzuwa, anati, "Ni zuba iyi. Yakhala maningi pa zuba mu motoka. Pepani, amai, tiyeni tiimbe na manja."

Anaimba ndi manja. Ine ndinaomba nawo.

Alendo atapita, mkazi wanga akukwecha mapoto, anati, "Muzakamba liti kuli atate?"

"Bakamba beka ati ni zuba."

"Gitala inali kutsogolo, mu mthunzi, pa myendo pawo. Muganiza sibaziba?"

Ndinati ndidzawagulira ina yatsopano ku tauni. Iye anati yakaleyo kalipentala amata, atate ake sakusowa gitala. Chimene ndinkayenera kukapereka ndinkachidziwa. Chinali kupita, mkamwini wophunzira, kukanena pamaso pawo kuti ndinagwira chinthu chawo osapempha, ndinachititsa manyazi mayi wodwala pakhomo panga, kenaka ndinawasiya iwo asenze mlandu ndi dzuwa. Ndinati ndipita sukulu zikatsekera. Zinatsekera, zinatsegulanso.

Kuyambira pamenepo apongozi ankabwera kwathu ndi thumba la mtedza, umene kwawo amati nshaba, kapena la maungu, koma gitala sanabwere nayonso. Tinkapatsana moni mwaulemu wonse.

Mkazi wanga anadwala impso. Sindilemba zambiri za miyezi imeneyo. Atamutulutsa m'chipatala komaliza, mayi ake anabwera kudzakhala nafe kuti azimusamalira. Tsiku lina masana ndinamuikira nyimbo za wa kalindula uja, poganiza kuti zimusangalatsa. Anamvetsera pang'ono, kenaka anati, "Zimyani. Nifuna atate baniimbile."

Ndinati ndiwaimbira foni.

"Pa foni bazabwela, koma bazabwela na nshaba chabe. Nyumba ili na mwine wake. Sibangalowese gitala muno ngati mwine sanabaitane."

Loweruka loyamba ndinati ndili ndi mapepala a mayeso oti ndichonge. Analipodi, koma akanadikira. Loweruka lachiwiri ndinati kwagwa mvula, msewu wa kumudzi waterera. Loweruka lachitatu ndinanyamuka m'mawa.

Apongozi ndinawapeza akupalira mtedza. Anaika khasu pansi, tinapita pamthunzi. Njira yonse ndinali nditakonza mawu, ndipo anali okwanira bwino. Atandifunsa kuti kunyumba kwacha bwanji, ndinati mwana wawo wafooka ndipo akufuna amuimbire. Nkhope yawo inasintha, ndipo ndinaona kuti tsopano palibe amene angandifunse china. Ndinalekera pomwepo. Ndinabisala kuseri kwa matenda a mkazi wanga, ndipo ndinkadziwa kuti ndikubisala.

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi gitala ili m'thumba la ufa. M'galimoto anaiika pamiyendo. Titayenda pang'ono anati, "Niifungatile bwino, iyi siikonda zuba." Anatero akuyang'ana kutsogolo. Apa panali pakhomo potsegula, ndipo ndikukhulupirira kuti ananditsegulira dala. Ndinangoti, "Inde, atate."

Foni inalira tikudutsa pa Chongwe. Anali apongozi aakazi, kutiuza kuti mkazi wanga watisiya. Ndinaimika galimoto pambali pa msewu, pafupi ndi amayi ogulitsa tomato.

Kumanda, mayi a mphumu aja anang'ung'udza, apongozi n'kumasula mawaya. Tsiku limenelo mawu a amayi onse anali otsika ndi kulira, ndipo gitala inatsika kufika pamene sindinaimvepo. Palibe amene mawu ake anasweka. Ena ankalekeza pakati pa mzere kuti apume, n'kudzapeza nyimbo ikuwadikira. Ndinamvetsera mpaka kumapeto, ndipo sindikukumbukira kuti zala zawo zinkachita chiyani.

Anthu anga atatu aja akadali pa foni. Amaimba bwino, sindingawanyoze lero chifukwa choti ine ndinalakwa. Koma sindinawatsegulenso. Apongozi amandiimbira foni mwezi ndi mwezi kufunsa ngati ndikudya, amanditchula mwana wawo, ndipo ine ndimayankha kuti ndibwera posachedwa. Mpaka lero sindinanene.

M'mawa umene ndinanyamuka uja, ndinalowa kuchipinda kukatsanzika mkazi wanga. Mayi ake anali atangomusambitsa, atamukhazika motsamira mapilo. Ndinamuuza kuti ndikupita kukatenga atate ake, tifika dzuwa lisanapendeke. Anandiyang'ana monga ankachitira ndikayamba kutamanda oimba anga, n'kundigwira mkono wa malaya.

"Ba ticha," anatero, "mukafika, musayambe na za ine. Muyambe na za gitala."